Chigongono Chachitsulo cha Pedha

A Bhikaji Salokhe anali munthu wa zinthu ziwiri basi: talim ndi galu wawo. Zina zonse, kaya ndale, kaya mafilimu, kaya maukwati a abale, ankangoti n'zotayitsa nthawi. Mukanawauza kale kuti tsiku lina adzayenera kusankha chimodzi mwa ziwirizo, akanakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukufunsani ngati mutu wanu ukuyenda bwino.

Talim ija, nyumba yophunzirira masewera ogwetsana, ili kumapeto kwa kanjira kathu kuno ku Kolhapur, kuseri kwa osoka nsapato. A Bhikaji sanakhalepo katswiri wogwetsa anthu, ngakhale ankakonda kunena kuti bondo ndi limene linawalanda ulemu umenewo. Bodza lenileni. Anali ochepa thupi, ndipo amene anawaona ali mnyamata amati ankagwa mnzawo asanawagwire n'komwe. Mphatso yawo inali m'manja. Bambo awo anali otikita minofu ya ogwetsana, agogo awonso chimodzimodzi, ndiye iwo anakulira m'fungo la mafuta a mpiru ndi manjano, ufa wachikasu uja wokometsera ndiwo. Phewa likaguluka ankalibwezera m'malo mwake mwini wake asanamalize kukuwa. Mkono ukathyoka ankauwongola, kuupaka manjano, kuuika pakati pa timitengo ta nsungwi, n'kuukulunga ndi nsalu mpaka kuti gwa. Chimene bambo awo anawaphunzitsa chinali chimodzi, choti chovulala chimangidwe, chigone, chisagwedezeke mpaka chitaiwala ululu. A Bhikaji ankadzitama kuti palibe mfundo imene anamanga iwo n'kupola mokhota, ndipo apa sankanama.

Masiku amenewo, abale, talim inali talim. Kusanache bwino mumamva makasu akutembenuza dothi lofiira la m'bwalo, dothi lothiridwa chambiko, mandimu ndi manjano kuti lifewe. Anyamata a matupi ngati ng'ombe ankabwera mmodzimmodzi, aliyense n'kuwerama pamphepete pa bwalo, kukhudza dothi ndi zala, kulipaka pamphumi, kenako n'kulowa. Palibe ankaponda m'bwalomo asanapereke ulemu umenewo. Dzuwa likakwera, akazi awo a Bhikaji, a Housabai, ankabwera ndi bhakri, buledi wophwatalala wa mapira, atamukulunga m'kansalu pamodzi ndi anyezi ndi tsabola wosinja. Ankaima pakhomo, poti akazi salowa mu talim yathu, n'kuyamba kuwanena amuna awo kuti akanakwatira botolo la mafutalo zikanawayenera. A Bhikaji ankayankha kuti botolo silikalipa. Anakhala choncho zaka zambirimbiri, akutukwanizana mokoma pakhomo pomwepo, mpaka chaka chimene a Housabai anagwa kukhitchini osadzukanso.

Madalawo anafota tikuona. Kunyumba ankangopitako kukasintha malaya, chakudya ankangochitola ngati mbalame. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, Sulabha, amene amagwira ntchito ya makompyuta mumzinda wa Pune, anabwera tsiku lina atanyamula kamwana ka galu m'katoni. Kanali ka mtundu uja wa Labrador, konenepa, kachikasu.

"Tenga chinthu chakochi ubwerere nacho," anatero a Bhikaji. "Ine ndiwete galu wa mabwana, wodya mazira?"

"Baba, mungondisungirako masiku ochepa, kwathu akupenta."

Kunalibe zopenta zilizonse, ndipo onse awiri ankadziwa. Mwezi usanathe kagaluko kanali ndi dzina, Pedha, chifukwa kanafanana mtundu ndi timaswiti ta mkaka tija timene timagawana pa chikondwerero. Mazira aja kankadya ndithu, ndipo wophika anali yemwe uja ankakana.

Pedha anakulira ku talim. Mphunzitsi wa pamenepo, a Rangrao, chimunthu cha ndevu zopotana chimene chinakula limodzi ndi a Bhikaji, analamula kuti galu akadzangoponda dothi la m'bwalo, iwo adzamuponya kunja pamodzi ndi mbuye wake. Pedha sanapondemo ngakhale kamodzi. Ankakhala pamphepete n'kumaonerera. Ndiye m'mawa wina, anyamata atatha kuwerama mmodzimmodzi, naye ananyamuka, n'kufika pamalo pomwe paja. Anatambasula miyendo yakutsogolo, zigongono n'kugunda pansi, matako m'mwamba, mchira uli pukupuku, mphuno n'kuiviika m'dothi. Anadzuka mphuno ili psuu. Talim yonse inafa nacho chiseko.

"Bhikaji," anatero a Rangrao akupukuta misozi, "galu wakoyu ali ndi ulemu kuposa iwe."

Kuyambira tsiku limenelo masewera sankayamba Pedha asanagwade. Anyamata opita kumpikisano ankamudikira dala, ati amabweretsa mwayi. A Bhikaji ankanamizira kuti sizikuwakhudza, koma mlendo aliyense wobwera ku talim ankamukokera pamphepete paja kuti adzionere. Anayambanso kudya, anayambanso kukalipa, ndipo madzulo tinkawamva akumuuza galu nkhani za Housabai akubwerera kunyumba.

Kutsimphina kunayamba pang'onopang'ono, mwendo wakutsogolo wakumanja. Poyamba kunali kwa m'mawa kokha, akayenda pang'ono n'kutha. A Bhikaji anati wabinya, anamuthowa ndi madzi otentha, namutikita ndi mafuta. Zinkathandiza tsiku limodzi, mawa lake zomwezo. Nyengo za mvula zinabwera n'kupita, chigongono chinatupa, mpaka galu wokonda kudya uja anayamba kusiya mbale ili yodzaza chifukwa choopa kuimirira. Pogwada paja ankayamba walira kaye, koma ankagwadabe. Apa manja a a Bhikaji anasowa pogwira, ndipo zinawapweteka kwambiri kuti iwo amene anawongola theka la Kolhapur akulephera pa galu wawo yemwe.

Sulabha anawatengera onse awiri ku Pune, kuchipatala cha ziweto kumene kunali dokotala wa mafupa, mayi wochepa thupi wovala magalasi, dzina lake Karmarkar. Atajambula mafupa anawaonetsa chithunzi. Pedha anabadwa ndi mafupa a pachigongono osakhalana bwino, monga amabadwira agalu ambiri a mtundu wake, ndiye zaka zonsezi ankakhulana mpaka kofewa konse kanatha, fupa n'kumadya fupa linzake. Mafuta sakanafikako. Chotsala chinali kuchotsa mbali zodyekazo n'kuikapo chigongono chopanga, cha chitsulo ndi pulasitiki. A Bhikaji anati zimenezo amachita ndi njinga, osati chamoyo. Koma atayang'ana Pedha ali khuma pakona, anagwedeza mutu kuvomera.

Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lotuluka dokotala anawakhazika pansi n'kulankhula mosazungulira. Anati chigongono chopanga sichipinda mpaka kumapeto ngati chobadwa nacho, chimalekezera penapake, ndi mmene chinapangidwira. Koma ululu wa fupa kudya fupa udzatha, ndipo galu adzapondanso mwendowo ndi mphamvu. Asathamange, asadumphe, aziyenda pang'ono ali pachingwe. Kenako anatenga dzanja la a Bhikaji n'kuliika pa mwendo wa Pedha.

"Bambo, chachikulu ndi ichi. Bandeji ikachoka, muzipinda ndi kuwongola mwendowu pang'onopang'ono tsiku lililonse, ngakhale adandaule. Kupinda kumene kulipoku mukusunge. Mukausiya phee, mnofu upola molimba n'kuchigwira chigongonochi."

A Bhikaji anafunsa funso limodzi lokha, ngati galuyo adzagwadenso. Dokotala sanamve tanthauzo lake mpaka Sulabha atafotokoza, ndipo anaseka pang'ono n'kunena kuti mwina, koma sakulonjeza.

Panja anakangana. Sulabha ankafuna kuti Pedha atsale ku Pune, pafupi ndi chipatala, ndipo bambo akewo atsalenso ngati akufuna, chipinda chilipo. A Bhikaji anati iwo sangagone m'nyumba yosanja ngati nkhunda, mapewa a anyamata akuwadikira, komanso dokotala wa dzulodzuloyu asawaphunzitse kusamala mfundo. Anamvana chonchi: Pedha apite ku Kolhapur, koma pobwera kudzamuonetsanso kwa dokotala, mwendo ukapezeka kuti sukuyenda bwino, atsala ku Pune, ndipo pasadzakhale zokambiranso. A Bhikaji anavomera msanga, poti kulephera pa mfundo sichinali chinthu chimene ankachiganizira.

Bandeji itachoka anachita monga anauzidwira. Anamugoneka Pedha pamphasa, anagwira mwendo, n'kuyamba kupinda. Galu analira kuti kwee, n'kutembenuza mutu kunyambita dzanja lomwe likumupwetekalo. A Bhikaji anasiya. Mawa lake anayesanso, kulira komweko, ndipo pachigongono panali potentha. Mtima wawo unawawa, mutu wawo n'kuyamba kuwauza zimene unkadziwa kuyambira ubwana. Chinthu changochekedwa kumene, mkati muli chitsulo, n'kumachipinda? Bambo awo akanamumenya khofi munthu wochita zimenezo. Dokotala uja ndi wodziwa kucheka, inde, koma kupoletsa ndi ntchito ina, ndipo ntchito imeneyo ndi ya banja la Salokhe.

Anapita kukatenga nsungwi. Anazisema bwinobwino kuti zisamulase, anasakaniza manjano ndi mafuta, anang'amba nsalu yofewa ya malemu Housabai imene ankaisunga m'bokosi, n'kumanga mwendo wa Pedha mowongoka kuyambira paphewa mpaka pansi. Sanamangepo mkono wa katswiri aliyense mwachikondi chotere. A Rangrao, amene mapewa awo onse awiri anabwezeredwa ndi manja omwewo, atabwera kudzaona anati ndiye kumanga kumeneku, madokotala a m'tauni akaphunzire. Kanjira konse kanayamikira, ndipo amayi oyandikana nawo ankabweretsa mkaka wa wodwalayo.

Ndipo poyang'ana ndi maso zinkaoneka ngati zikuyenda. Kutupa kunaphwa, kulira kunatha, Pedha ankagona tulo tabwino n'kumaliza mbale yake. Sulabha akaimba foni, bambo ake ankamuuza kuti galu akupeza bwino kwambiri, ndipo sankanama. Akafunsa ngati akumupinda mwendo, iwo ankayankha kuti akumusamala monga mmene mfundo imasamalidwira, kenako n'kuyamba kudandaula za mtengo wa anyezi. Masabata anapita. Nsalu ankaisintha, mafuta ankapaka, koma nsungwi zinkabwerera pamalo pake.

Sulabha anabwera mvula itasiya. Atalowa n'kuona nsungwi zija anangoti kakasi pakhomo, chikwama chili m'manja. Sanakuwe. Anagwada n'kumasula yekha nsalu ya mayi ake ija, ndipo mwendo unatuluka wowonda, wachikasu ndi manjano, wowongoka ngati ndodo. Pedha anaimirira mosangalala n'kuyenda kupita kwa iye. Ankaponda ndithu, osalira, koma mwendowo ankauponya cham'mbali, akukweza phewa lonse kuti phazi lisakwekwerezeke pansi.

"Waona?" anatero a Bhikaji. "Ululu kulibe."

"Baba, mwendowu sukupinda."

"Upinda. Wangodzuka kumene."

Ku Pune dokotala Karmarkar anajambulanso n'kuyeza kupindika ndi kachipangizo kake. Chitsulo chinali pamalo pake, cholimba bwino. Koma mnofu wozungulira unali utapola mokungika n'kuchigwira, minofu ya mwendo inali itafota, ndipo kupinda kochuluka kunali kutapita. Kwina kukhoza kubwerera, anatero, ngati galu aziyenda m'thanki ya madzi ya pachipatalapo kawirikawiri, komanso kupindidwa m'mawa ndi madzulo kwa miyezi yambiri. Konse sikungabwerere. Sulabha anali atabweretsa nsungwi zija m'thumba kuti aonetse mlandu, ndipo dokotala anazitembenuza m'manja mwake akuyang'ana kasemedwe kake.

"Likanakhala fupa lothyoka, bambo, ndikanakulembani ntchito lero lomwe," anatero mofatsa. "Koma ichi sichinathyoke. Chinaikidwa kuti chiziyenda."

A Bhikaji anatuluka ndi galu wawo. Ali panja anapempha chinthu chimodzi, kuti abwerere kaye ndi Pedha ku Kolhapur akatsanzike ku talim, poti anyamata sanamuone chichitireni opaleshoni. Sulabha anavomera n'kuwaperekeza pa galimoto yake. Koma madalawo, makani awo aja, mumtima anali atakonza kale zina. Akangofika pakhomo pawo, galu satulukanso. Mwanayo akalipe mmene angathere, aitane apolisi ngati akufuna. Njira yonse ankadziuza kuti dokotala akukokomeza, mwendo ufewa wokha ukamayenda m'kanjira kake kozolowera.

M'mawa mwake anamutengera ku talim. Makasu anali atatha ntchito, dothi lili lofewa, fungo la chambiko ndi mandimu lili ponseponse. Anyamata atamuona Pedha anamuzungulira, wina kumugwira makutu, wina kumutcha katswiri wachitsulo. Sulabha anaima pakhomo, pamalo pomwe mayi ake ankaima ndi bhakri. A Rangrao anawomba m'manja kuti nthawi yakwana, ndipo anyamata anayamba kuwerama mmodzimmodzi, kukhudza dothi, kupaka pamphumi. Womaliza atalowa, onse anatembenuka kudikira.

Pedha sanaiwale. Anapita pamalo pake, mchira uli pukupuku, n'kuyamba kutsika. Mwendo wakumanzere unapinda bwinobwino, chigongono n'kugunda pansi. Wakumanja unatsika pang'ono, n'kuima. Thupi lonse linapendekeka, phazi linaterereka, galu n'kugwera cham'mbali kuti khu. Anadzuka msanga, anayang'ana mbuye wake, n'kuyesanso. Chimodzimodzi. Kachitatu sanagwe, anangokhala chopendekeka choncho, khosi atalitambasula, mphuno ikufunafuna dothi limene silinali kutali n'komwe, koma osalifikira. Sanalire, poti sizinkamupweteka. Ankangodabwa kuti mwendo wake ukukaniranji.

A Rangrao anayang'ana kudenga. A Bhikaji anaona mfundo ija mmene inaimira, ndipo maso awo, amene anaona mfundo zambirimbiri, sanathe kuwanamiza. Imeneyi inali ntchito ya manja awo, yomangidwa bwino, yosagwedezeka, monga mmene anafunira. Anatsika pansi ndi bondo lawo lovuta lija, anatapa dothi m'dzanja, n'kulikweza mpaka pamphuno pa Pedha. Galu analinunkhiza, mphuno n'kufiira. Lotsala anamupaka pamphumi.

"Basi, mwana wanga, wapereka ulemu," anatero. "Wolakwa ndine."

Anakhala pansipo kanthawi atamukumbatira. Kenako anadzuka, anapita pa shelefu yawo ya pakona, anatenga chitini chakale cha tiyi, anakhuthula zinali m'menemo, n'kuchidzaza dothi la m'bwalo. Botolo la mafuta a mpiru, limene anali atalisiya pamalo amodzimodziwo kuyambira ali mnyamata, analitenga n'kuwapatsa a Rangrao m'manja.

"Ichi n'chiyani tsopano?" anafunsa a Rangrao. "Galu ndi amene akupita, osati iwe. Nanga mapewa a anyamatawa?"

"Wandionerera zaka zonsezi, chimutu chakocho sichinatolepo kanthu? Galuyu akalola ndani kuti amupinde mwendo? Ndinamanga ndine, ndikamasula ndine."

Moyo wawo wonse a Rangrao sanalolepo mnzawoyo kukhala ndi mawu omaliza, koma ulendo uno analola. Anangolifungatira botolo lija pachifuwa. Pakhomo Sulabha anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake. Bambo ake atamufika anamuuza mwaukali kuti asiye kulira pakhomo pa talim, anthu angaganize kuti kwagwa maliro, ndipo akawathandize kulongedza zovala.

Tsopano a Bhikaji amakhala ku Pune, m'mwamba mwenimweni mwa nyumba yosanja, ndipo chikepe amachitukwana tsiku lililonse. Amati madzi a kumeneko sakoma, bhakri ya kumeneko ndi pepala, anthu ake sapatsana moni. A Rangrao amawaimbira foni kuwauza kuti mapewa onse ali bwino, mwinanso kuposa kale, ndipo awiriwo amatukwanizana mpaka foni itatentha. Akaidula, madalawo amakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana magalimoto. Amaisowa talim, ndipo sabisa.

Koma m'mawa ndi madzulo amayala mphasa, Pedha n'kugona yekha osauzidwa. Amayamba ndi kumuthowa ndi nsalu yofunda, kenako amagwira mwendo uja ndi manja awiri n'kupinda pang'onopang'ono mpaka pamene galu wayamba kudandaula, n'kupitirira pang'ono, akumuuza nkhani za Housabai kuti asamve kwambiri. Dokotala Karmarkar amati sanaonepo manja odziwa polekezera ngati amenewa. Mwendo unanenepanso, kuponya cham'mbali kuja kunachepa, ndipo Pedha amayenda mpaka kupaki osapumira. Kupinda kunabwerera ndithu, koma kosafika pansi.

Nthawi imene kuno makasu amakhala akutembenuza dothi, kumeneko a Bhikaji amatsegula chitini cha tiyi n'kuchiika pansi pakhonde. Pedha amabwera, mchira uli pukupuku, n'kuyamba kutsika. Chigongono chimafika pakati n'kuima. Madalawo sathamangira, amadikira kaye pang'ono, poti mwina lero. Kenako amatsina dothi n'kulikweza pamphuno pake.